Chikwama Chinalowa kwa Lufina

1.
Chala chachikulu chinali chitachita kale matuza awiri, koma mulu wa chimanga pamkeka unkaoneka ngati sunagwidwepo. Dolofe ankatong'ola yekha, msana utatsamira nkhokwe, mphepo ya Julayi ikulowa mpaka m'mafupa. A Nankhoma, oyandikana nawo nyumba, anabwera kudzabwereka sefa. Anakhala pansi, natola chimanga chimodzi kuti manja asangokhala.

Komatu mwana wanu wanenepa, amake Sungeni. Sukulu ya unamwino ikumuyanja.

Mwamuonera kuti?

Aa. Kwa a Lufina. Si wafika dzana?

Chala chinaima.

Dzana.

Ine ndimayesa mukudziwa, anatero a Nankhoma. Anabweza chimanga chija pamulu mosamala ngati dzira, nanyamuka. Za sefa anaiwala.

2.
Chikwama chinalowa kwa Lufina.

3.
Aliyense amadziwa, ngakhale wosapita kusukulu. Mwana akachokera kutali amayamba kwa make. Chikwama chimalowa m'nyumba imene anakulira, iye n'kugwada, make n'kumufunsa za ulendo, za njala, za amene wawasiya kumeneko. Akamwa madzi ndi pamene amayamba kuzungulira abale. Sizinalembedwe paliponse. Sizifunika kulembedwa.

Lufina ndi mng'ono wake wa Dolofe, bere limodzi. Ndi telala, amasoka pa makina opalasa ndi phazi. Nyumba yake ili kuseri kwa mjigo, yamalata, zipinda zitatu, mwana alibe. Kuchokera pa siteji ya minibasi, njira yopita kwa Lufina imadutsa pakhomo pa Dolofe penipeni. Ndiye kuti mwanayo anazungulira kudambo, chikwama pamutu, m'matope a nkhumba za eni, kuti make asamuone.

4.
Dolofe anapita momwemo, fumbi la chimanga lili m'tsitsi.

Sungeni anali pakhonde. Maso okha. Pakamwa ndi mphuno zinali m'kansalu ka maluwa achikasu, ndipo Dolofe anakazindikira msanga: chitenje chimene Lufina anavala pa Khirisimasi.

Amayi, imani pomwepo. Pamzerepo.

Dolofe anayang'ana pansi. Mzere ndithu, wojambula ndi kamtengo, ngati wa phada.

Ndine ng'ombe ya pa dibi ine?

Muli bwanji, amayi?

Usandifunse ndili bwanji uli chiimire kumtunda ngati ukulalikira.

Sungeni anagwada pakhonde pomwepo, kutali. M'wodi momwe ndimaphunzira ntchito munagonekedwa bambo wina wochokera ku Joni, anatero. Ndinawasamalira masiku atatu. Atawayeza anawapeza ndi kolona. Ophunzira tonse amene tinawagwira atiuza tikakhale kwathu masiku khumi ndi anayi, osayandikira anthu.

Kwanu ndi kuno?

Amayi, inu muli ndi shuga. Muli ndi bipi. Kachilomboka kakagwira munthu ngati inu sikasewera.

Ukudwala?

Ayi.

Ukutsokomola?

Ayi.

Ndiye?

Munthu amatha kukhala nako osadziwa.

Lufina anatulukira pachitseko, tepi yoyezera ili m'khosi. Achemwali, mwafika? Ndimati ndibwere madzulo ndidzakufotokozereni.

Madzulo ake ati, Lufina? A dzana kapena a dzulo?

5.
Zimene Sungeni ananena, ali chigwadire:

kuti kachilomboka kamayenda m'malovu, potsokomola, poyankhula, poimba kwaya;
kuti kamatha kubisala milungu iwiri kasanadzionetse;
kuti achinyamata ambiri kamangowadutsa;
kuti a shuga, a bipi, a mphumu ndi okalamba ndiwo amathera pa makina a mpweya, makinawo akapezeka;
kuti jinja ndi mandimu ndi zabwino koma si mankhwala;
kuti zosamba m'manja m'beseni limodzi zithe;
kuti ndi masiku ochepa, amayi, ochepa chabe.

Zimene Dolofe anamva:

osabwera.

6.
Sizinayambe lero zimenezi, zinayamba chaka chimene Sungeni anabadwa pa opaleshoni Dolofe n'kugona miyezi iwiri ndi bala losapola, Lufina ali mtsikana ndiye ankayenda ndi khandalo kumsana, kumjigo, kuchigayo, kutchalitchi, anthu n'kumati koma akufanana, ndipo yunifolomu ya sitandade wani anasoka Lufina, ya fomu wani anasoka Lufina, diresi loyera la unamwino anapinda m'munsi Lufina, pamene Dolofe ankalima, kuweta nkhumba, kukalipa, kuletsa, kukwapula, chifukwa pakhomo pamafunika wina woletsa ndipo bambo ake anapita kukafuna ntchito mwanayo akukwawa osabwerako osalemba, ndipo mwana akakwapulidwa kuno ankathawira uko kukadya mandasi n'kubwera atapukutidwa misozi ndi munthu amene sanamve mpeni pamimba, ndipo inde pa mwambo wathu mng'ono wa mayi ndi mayi, palibe akukana, amayi aang'ono, koma mawu akuti aang'ono aja anagwa liti m'kamwa mwa mwanayu, anagwera pati, Dolofe sanawamve akugwa

7.
Funso linali limodzi, ndipo Dolofe ankalitembenuza ngati chimanga chowotcha.

Ngati kachilomboko kamapha, Lufina ndi wachitsulo?

Denga limodzi. Chimbudzi chimodzi. Bafa imodzi. Akuti mwanayo ali ndi chipinda chake, kapu yake, mbale yake. Kaya. Mpweya nawo anaugawa pakati? Ndiye za shugazo ndi chophimbira chabe. Mwana wafuna simenti pansi. Wafuna sola yotchajira foni. Wafuna mayi wosanunkha nkhumba.

Chikwama chinalowa kwa Lufina.

8.
M'mawa uliwonse foni inkalira. Munthu ali pamtunda woti utakuwa akumva, koma akuimba foni.

Mwadzuka bwanji, amayi? Mapiritsi mwamwa?

Ndamwa.

Onse awiri?

Ndati ndamwa. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikumwa ndekha popanda nesi.

Kumaliro a kwa Chauma musapite.

Ndisapite kumaliro? Tsiku langa adzandiika ndani, iweyo ndi foni yakoyo?

Amayi.

Basi, mayunitsi akuthera.

Lufina naye anatumiza masiki, yosoka bwino, nsalu zitatu kuphatikiza monga anamulangizira Sungeni. Dolofe anaitembenuza, nayang'ana msoko. Wowongoka, monga nthawi zonse. Zingwe zake anamangira miyendo ya tambala wopita kumsika.

9.
Tsiku lachisanu anaphika futali. Mbatata yofiira m'kati, nsinjiro zosinja yekha, wolimba, mmene Sungeni amakondera. Anaika m'bakuli, anamanga ndi nsalu, nakasiya pamzere paja.

Bakuli linabwera mawa lake, atalisiya pachitsa cha pakhomo. Loyera mbee. Lonunkha klorini ngati chimbudzi cha kuchipatala.

Dolofe analinunkhiza kawiri. Zaka makumi awiri ndi ziwiri akudyetsa munthu, lero mbale yake ikutsukidwa ndi mankhwala.

Anabwerera pamzere. Futali unadya?

Ndinadya, amayi. Mpaka kunyambita.

Wekha?

Ndinawagawirako amayi.

Amayi ati?

Kansalu ka maluwa kanalowa m'kati, kanatuluka.

Aang'ono.

10.
Sungeni, ali pakhonde, analangiza Lufina kumanga mpondagiya pakhomo: mitengo iwiri ya mphanda, kachigubu kobowola, chingwe, ndi kamtengo kopondapo kuti madzi atuluke munthu osagwira ndi dzanja. Azimayi ochokera kumjigo anatula ndowa kudzaonerera. Mafunso ankaponya ali patali.

Kodi n'zoona kuti akuda sitifa nako?
Kodi kachasu amakapha?
Kodi n'zoona kuti maliro ake saonetsa nkhope?
Nanga mwamuna akachokera kutauni, tizigona naye kuti?

Sungeni ankayankha limodzilimodzi, osaseka, ngakhale la kachasu. Pamene sankadziwa ankati sindikudziwa. Lufina anaima pambali, tepi m'khosi, akugwedeza mutu pa yankho lililonse ngati mabuku anawerengera limodzi.

Mayi wina wachilendo, wokwatiwa chaka chatha kuchokera ku Ntcheu, anati, mwalera bwino mayi, mwana wanuyu ndi dokotala ndithu.

Lufina sanakonze. Anangoti zikomo.

Dolofe anali pamjigo. Anapopa mpaka ndowa inasefukira, napitiriza kupopa.

11.
Pa foni ya Sungeni, m'gulu la ophunzira a chaka chachitatu, tsiku lomwelo:

Ine sindibwererako. Ndinabwera kudzaphunzira unesi, osati kudzafa.
Iwe, ndi chimfine chabe ichi, akungokokomeza.
Chimfine chimene chapha bambo aja?
Amwalira?
Dzulo m'mawa.
Masiki imodzi sabata yonse, kenako aziti ndife ngwazi.
Kwathu ana akundithawa ngati ndili ndi khate.
Kwathu sakukhulupirira n'komwe, bambo akuti ndizidya nawo mbale imodzi, kukana ndi mwano.
Tonse tikathawa, m'wodi mutsala ndani?
Utsale ndiwe, mayi Chifundo.
Aphunzitsi atumiza mafunso a kafukufuku, yankhani pofika Lachisanu.
Sungeni uli chete bwanji?
Ndilipo.

12.
Mafunso a aphunzitsi. Chongani chimodzi: Inde, Ayi, Sindikudziwa.

Kodi munthu wopanda zizindikiro angapatsire ena? Inde.
Kodi maantibayotiki amapha kachilomboka? Ayi.
Kodi mukuona kuti mwaphunzitsidwa mokwanira za mliriwu? Ayi.
Kodi mungavomere kusamalira wodwala kolona? Inde.
Kodi mumaopa? Inde.
Kodi a pabanja panu amamvetsa zimene mumawauza?

Apa Sungeni anaika foni pansi, nayang'ana cha kumjigo.

13.
Dolofe atamva kuti mwana amatanganidwa ndi mafunso a kusukulu, anati nanenso ndili nawo anga. Sanawalembe. Ankafunsa zitsononkho, chimodzichimodzi, asanaziponye padengu.

Anakubala ndani?
Chikuku chitakugwira unagona pachifuwa pa ndani, ndipo iyeyo anajambula mzere?
Chaka cha kolera, matewera ako anachapa ndani, ndi magolovesi ati?
Kusukulu kwanuko amaphunzitsa kuti mayi ndi amene ali ndi sola?
Ndikafa mkati mwa masiku ako khumi ndi anayiwo, udzalira uli mbali iti ya mzere?

Inde. Ayi. Sindikudziwa.

14.
Nzeru inabwera akudyetsa nkhumba, tsiku lachisanu ndi chitatu, ndipo inaoneka yabwino. Namwino amathamangira wodwala. Si ndiyo ntchito yake?

Anapita pamzere. Anapereka moni. Kenako anagwira pachifuwa natsokomola katatu, chifuwa chouma, monga ankanenera pa wailesi.

Maso a Sungeni anakula pamwamba pa kansalu kaja. Anaimirira. Phazi limodzi linatsika pakhonde.

Bwera, unatero mtima wa Dolofe. Bwera, mwana wanga, undigwire pachipumi.

Phazi linabwerera.

Mwayamba liti? Mutu ukuwawa? Thupi likutentha? Fungo mukumva? Mwakumana ndi ndani? Kumaliro kuja munapita, eti? Amayi, pitani kunyumba, musatuluke, musalandire munthu. Ndikuimbira a zaumoyo.

Wa zaumoyo si ndiwe?

Ndine wophunzira, amayi. Ndipo mwina amene ndili nako ndine.

Mawu ankanjenjemera. Chala pa foni sichinanjenjemere.

15.
Anabwera mawa lake pa njinga yamoto, awiri, atavala zoyera kuyambira kumutu mpaka kuphazi ngati zilombo zochokera kudambwe. Mudzi wonse unaima patali, manja m'chiuno. Analowetsa kamtengo ka thonje m'mphuno mwa Dolofe mpaka anamva ngati kakukanda ubongo. Anadutsanso kwa Lufina, nayeza onse awiri.

Kuyambira tsiku limenelo:

a Nankhoma ankazungulira kuseri kwa khola;
wa matemba anasiya kuliza belu la njinga pakhomo;
madzi ankamusiyira pamsewu, ndowa osaifunanso;
a kumpingo anatumiza pemphero pa foni, lalifupi;
tambala uja anabwezedwa kumsika, akuti wachokera kunyumba ya kolona.

Chifuwa chabodza. Manyazi enieni.

16.
Zotsatira zinabwera pa foni patapita masiku atatu.

Dolofe: alibe.
Sungeni: ali nako, koma osadwala.
Lufina: ali nako.

Lufina sanadikire foni. Anali atagona kale kuyambira dzulo lake, makina ataphimbidwa ndi nsalu, chifuwa chikumveka mpaka pamjigo. Masiku khumi ndi anayi aja anayambiranso pa chimodzi.

17.
Matenda nawo analowa kwa Lufina.

18.
Mpanda wa Lufina ndi waudzu, ndipo pangodya pali pamene mbuzi inabowola. Dolofe, mayi wa zaka makumi asanu ndi chimodzi, wa Mvano, woopedwa ndi ana a mudzi wonse, anagwada pamenepo masana, diso pabowo.

Sungeni anatulutsa Lufina padzuwa atamukoleka dzanja m'khosi. Anamugoneka chafufumimba pamkeka, akuti mapapo amapuma bwino choncho. Anamupukuta kumaso. Anamusisita msana, kuyambira m'mapewa kutsika, kubwerera, kutsika. Anawerenga mpweya akuyang'ana wotchi. Anamudzutsa, namutsamiritsa pachifuwa pake, phala pa supuni, kuuzira kaye. Opanda magolovesi. Opanda mzere. Manja omwe aja amene Dolofe anawaphunzitsa kugwira khasu, kugwira cholembera, kugwira chikho ndi manja awiri popereka madzi kwa mlendo.

Pumani, amayi. Pang'onopang'ono. Kamodzinso, amayi.

Dolofe anadikira mawu otsatira. Mawondo anachita dzanzi. Mawu akuti aang'ono aja sanabwere.

19.
Iwe kachilombo iwe, akuti umafuna a shuga, shuga ndili naye, akuti umafuna a bipi, ndili nayo, zaka ndili nazo, ndinakuitana ndi pakamwa panga pamaso pa anthu, iwe kundidutsa ngati minibasi yodzaza n'kukalowa kwa munthu amene sadwala ngakhale chimfine, nawenso unamva kuti kumeneko kuli simenti?

Kenako anadzimenya pakamwa. Mulungu andikhululukire. Ndi mng'ono wanga. Ndinamuphunzitsa kusenza ndowa ine ameneyu.

Anakasiya nkhuni pamzere, ndi mazira asanu ndi limodzi. Mawa lake nkhuni zina. Ankaima pamenepo kumvetsera chifuwa chija, chikasiya mtima n'kuima, chikayambanso n'kupuma.

Nsanje sinachoke. Inangosendera kuti mantha akhale nawo pampando.

20.
Lufina sanafe. Milungu itatu, kenako makina anamvekanso, pang'ono, kuima, kuyambanso.

Kusukulu anaitana: amene akufuna abwerere kuwodi, manja achepa. Sungeni anafuna.

Anabwera Lolemba m'mawa, chikwama pamutu, nthawi ino kudzera njira yeniyeni. Anaima pamsewu. Anatula chikwama, nagwada m'fumbi.

Ndikupita, amayi.

Lowa umwe madzi.

Sanandiyezenso. Akandiyeza ndikafika. Tchuthi chikubwerachi ndidzalowa.

Wachira. Winayo wachira. Ukuopanso chiyani?

Mabuku akuti mwina ndilibenso. Koma akuti mwina.

Kenako Sungeni anati, chifuwa chija munachita dala. Ndinazindikira mochedwa, nditamva chenicheni.

Dolofe anayang'ana kukhola la nkhumba.

Tsiku limene lija ndinakasanza kuseri kwa bafa, amayi. Ndi mantha. Musadzachitenso.

Apa panafunika mawu ofewa, ndipo Dolofe anali nawo, anali pakhosi pomwepa. Chimene chinatuluka n'chakuti: watsanzika kwa amako?

Sungeni anasenza chikwama.

21.
Sichinalowe.

22.
Lachitatu masana Lufina anabwera yekha, atawonda, khosi ngati la nkhuku yonyowa, akuima kupuma pa mtengo uliwonse. Anapeza Dolofe pamkeka, chimanga chija chikadali pomwepo, anankafumbwe atayamba kuchipeza. Anakhala pa njerwa, patali.

Wabwera kudzandionetsa kuti anakusamala bwino?

Ndabwera kudzakuuzani zimene simunafunse, achemwali. Mumangofunsa mwana, ine osandifunsa.

Nena, ndili ndi ntchito.

Tsiku limene anafika sanalowe msanga. Anaima pabwalo, chikwama pamutu. Ine kuthamanga, manja m'mwamba, mtima uli, wayamba kwa ine, zaka zonsezi lero wayamba kwa ine. Anandiimitsa. Anayamba mafunso. Zaka zanu zingati? Shuga? Bipi? Mphumu? Chifuwa chachikulu munadwalapo? Ine ayi, ayi, ayi, ndikuseka, ndimayesa ndi chikondi. Atatha anati, ndiye inu mukhoza kupirira. Sanabise kanthu. Anati mwina ndikupatsirani, mwina mudwala kwambiri, mukhoza kukana. Ndinati, nanga kwa amako bwanji? Anati kumene kuja ayi. Amayi ndili nawo amodzi.

Lufina anapuma, mpweya ukulira pang'ono m'chifuwa.

Anandiuza ine zimenezo. Pabwalo panga. Kenako analowa, n'kumanditchula amayi milungu isanu. Ndinkagona chafufumimba paja, mpweya ukukana, iye akundisisita, ine ndikuona diso lanu pabowo la mbuzi. Mumayesa sindinakuoneni? Ndinkati, onani uyo, wosungidwa padenga ngati mbewu. Ine ndine chimanga chodya. Tsiku limene munatsokomola zabodza lija sanadye, sanayankhule, ankangozungulira pakhonde. Tsiku limene ndinatsokomola ine zenizeni anatenga wotchi n'kuyamba kuwerenga. Bwinobwino, osanjenjemera. Nesi wabwino, achemwali. Mwaphunzitsa.

Ukanakana.

Ndikanakana bwanji? Anali ataima pakhomo panga. Mukanakana inu?

Nkhumba inalira kukhola. Chinthu chofunda chinayenda m'chifuwa mwa Dolofe, chokoma, chochititsa manyazi. Anayesa kuchithamangitsa poyang'ana mafupa a m'khosi a mng'ono wake. Anayesa kuchithamangitsa pokumbukira mawu amene anamuperekeza nawo mwana Lolemba, amene tsopano ali nawo kuwodi, pakati pa otsokomola. Chinachepa. Sichinachoke.

Anati amodzi?

Achemwali.

Ndikungofunsa. Ananena choncho ndi pakamwa pake, amodzi?

Mulibe chisoni inu.

Ndilibe nthawi.

Anatola zimanga zitatu, naziponya chimodzichimodzi mpaka pamapazi a Lufina. Tong'ola. Manja sanadwale.

Lufina anayang'ana zimangazo nthawi yaitali. Kenako anatola chimodzi, nayala chitenje pamiyendo. Dolofe anatola chake, chala chinagwera pa thuza lakale. Mulu unali ukadali wofika m'chiuno.